Mkono Wopanda Chipsera

Filesi mwana wanga,

Ndikulemba ndili pakhonde dzuwa likadalipo, chifukwa magetsi anapita Lachiwiri ndipo kandulo yotsalayo ndikusungira iwe kuti ulongedzere katundu. Wapita ku Kwekwe kukatsanzikana ndi anzako. Kalatayi ndiyiika m'pulasitiki muja muli khadi lako la kusikelo, lomwe wandipempha m'mawa uno kuti ukaonetse kuntchito ku Blantyre ngati umboni woti unabayidwa katemera yense. Pa envulopu ndalemba kuti utsegule ukadutsa chipata cha Mwanza. Ngati watsegula usanafike, pinda, ubwezere. Nkhope yako sidziwa kubisa, unatengera amayi ako, ndipo apachipata amawerenga nkhope kuposa pasipoti.

Lamlungu lapitali unandifotokozera ntchito yako tikusenda mbatata. "Baba," unatero, ndi Chichewa chako chija chodzaza Chishona, "dziko losauka silingagule katemera aliyense amene ali pamsika. Liyenera kusankha. Ndiye pali gulu la madokotala lolangiza boma kuti uyu ayambe, uyu adikire. Ife tizikalowa m'mawodi a ana, kuwerenga amene akudwala, amene akufa, ndi chimene chawapha, kuti gululo lisamasankhe pongomva za m'maluwa." Ndinakufunsa ngati aphunzitsi ako a masamu ku Gweru anakuuza kuti mapepala amanama. Unaseka. "Amanama ndi anthu, Baba. Pepala limangonyamula." Ndinalowa m'nyumba ngati ndikukatenga mchere. Mchere unali pafupi ndi phazi langa.

Ine sukulu ndinalekezera fomu 2. Za ntchito yakoyo sindingakuphunzitse. Chimene ndili nacho ndi zolakwa zanga, ndipo ndikupatsa zimenezo.

Choyamba ndinachichita ku ng'anjo, iwe usanabadwe. Masiku amenewo kampani ya zitsulo inali yamoyo. Kumwamba kwa Redcliff kuno kunkafiira, huta yoitanira antchito ikalira tonse tinkatuluka ngati nyerere. Ntchito yanga inali yotunga. Chitsulo chikasungunuka m'chimphika chachikulu, ndinkalowetsamo supuni ya mpini wautali, kutunga pang'ono, kuthira m'kachikombole, kakazizira n'kupita nako kwa oyesa kuti aone ngati chitsulo chapsa bwino. Chimphika chilichonse, kachitsulo kake. Tsiku lina kunatentha moti nsidze zinkanunkha, ndipo pachimphika choyamba ndinatunga kawiri, kachiwiriko n'kubisa m'thumba la ovololo. Chimphika chachiwiri chitabwera sindinayandikire. Ndinapereka kobisa kaja. Oyesa analemba kuti zonse zili bwino, anadinda. Patapita milungu, mizati ina inabwezedwa itang'aluka ngati chinangwa. Madala Jere, kapitawo wathu wa ku Mzimba, anandikokera kuseri kwa ng'anjo. "Iwe Mbewe," anatero, "mkazi wako akaphika miphika iwiri, umalawa umodzi n'kuyamikira yonse? N'chifukwa chake uli woonda." Anzanga anaseka mwezi wathunthu. Sanandinenere kwa azungu. Koma ndinaona chinthu: oyesa aja sanalakwe, makina awo sanalakwe, chidindo chinali chenicheni. Bodza linalowera pa supuni. Mwana wanga, kumene ukupitako adzakupatsa mapepala oyera odinda bwino. Uzifunsa kuti anatunga ndani, ndipo anatunga m'chimphika chiti.

Chachiwiri n'cholemera, ndipo ndazungulira pakhonde pano kawiri ndisanachiyambe. Unali ndi mkulu wako. Anabadwira kuchipatala cha kampani, analembedwa m'kaundula, anapatsidwa setifiketi ya kubadwa pa chitupa changa ndi kalata ya kuchipatala. Amayi ako, Naphiri, sanaphonye sikelo ndi tsiku limodzi lomwe. Mwanayo anabayidwa zonse, mpaka wa chikuku. Anali wonenepa, wokonda kuluma makiyi anga. Asanakwanitse n'komwe kukhala pansi yekha, amayi ako anaima ndi pakati pako. Ukudziwa mmene anthu akwathu amaonera kutumbiza. Azimayi a pampopi ankaimba nyimbo amayi ako akamadutsa. Chifukwa cha manyaziwo anapita kukachirira kwa azakhali awo pafamu ina kufupi ndi Gweru, ndipo iwe unabadwira m'nyumba ya udzu, pa thumba la feteleza. Palibe namwino anakuona. Palibe analemba.

Atabwerera kuno ndi ana awiri, mmodzi kumsana wina m'manja, mkulu wakoyo anayamba kutsokomola. Tsiku lachiwiri thupi linatentha. Lachitatu ankapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati ngati wina akuzikoka ndi chingwe. Mai Chipo, neba wathu Mshona uja amene mpaka lero amakusungira nyimo, nzama zija, anaima pampanda n'kunena kuti, "Baba vaFilesi, mwana uyu ndi wa kuchipatala. Inu Mabhurandaya, inu a ku Malawi, mumakonda misonkhano. Nyamulani mwana!" Koma m'nyumba munali akuluakulu akwathu atatu, ndi Madala Jere yemwe. Anati ndi tsempho. Anati mwana wadulidwa chifukwa makolo sitinadikire, ndipo kuchipatala akangomubaya jakisoni ndiye kuti tamutsiriza. Ankalankhula mokweza ndiponso motsimikiza, ndipo ine ndinali ndi manyazi, pakuti mlandu ankaunenawo unali wanga. Ndinamvera iwo. Tinathira mankhwala m'phala. Mai Chipo anali mmodzi, mkazi, wa mtundu wina, ndipo ndi yekhayo amene anayang'ana nthiti za mwana. Enawo ankayang'ana ine. Tsiku lachisanu m'mawa, huta ikulira, mwana analeka kupuma. Lero ndikudziwa kuti chinali chibayo. Ukakakhala pansi ndi madokotala akuluakulu, ndi alendo obwera ndi magalimoto oyera, ndi aboma, padzakhala wina wa mawu aakulu. Usadzamuyese ndi kukula kwa mawu. Udzafunse kuti mwa onsewa wayang'ana nthiti ndani.

Tinamuika tsiku lomwelo masana, kuseri kwa chimulu cha zotsalira za ng'anjo, kumene akwathu tinkaika makanda mwakachetechete. Adzukulu anali anayi. Maliro a tsempho salengezedwa. Sitinapite kuofesi kukanena, sitinatenge kalata ya imfa. Pamanda tinaikapo kapu yake ya enamulo ndi chibuma chakuda cha ku ng'anjo. Dzina sitinalembe.

Dzina lake linali Filesi.

Werenganso pang'onopang'ono, mwana wanga. Pempha madzi kwa amene wakhala naye pampando. Ine ndidikira.

Chachitatu tinachichita awiri, koma amene anayamba kuchinena ndine. Iwe unalibe pepala lililonse. Amayi ako analibe chitupa, changa chinali chodindidwa kuti ndine mlendo, ndipo ndinali nditaona anzanga akuyenda chaka chonse pakati pa Kwekwe ndi Gweru kufuna setifiketi ya mwana wobadwira pafamu, akuuzidwa kuti abweretse mboni, abweretse mfumu, abwerere kwawo kumene sanakuonepo. Mwana wopanda setifiketi salemba mayeso. M'sutikesi munali setifiketi yopanda mwana, pamphasa panali mwana wopanda setifiketi. Ndinati, "Naphiri, boma silikudziwa kuti wapita." Panapita masiku awiri. Tsiku lachitatu amayi ako anakusambitsa, anakuveka diresi ya mkulu wako ngakhale inkakufika kumapazi, n'kukuika pamiyendo panga. "Nayu Filesi wanu," anatero. Sanandiyang'ane.

Sitinali oyamba. Pamzere wathu wokha ndikudziwa nyumba ziwiri zimene zinachita chimodzimodzi, ndipo sindizitchula. Tinapempha nyumba ina kumapeto kwa komboni ya Torwood kumene anthu sankatidziwa bwino. Zaka ziwiri sitinakutengere kusikelo, kudikira kuti msinkhu wako ufanane ndi pepala. Tenga khadilo uliyang'ane tsopano. Uona timadontho ta kulemera kwa mwana tikukwera mwezi ndi mwezi, kenako palibe kanthu, kenako tikuyambiranso pansi, ndi inki ina. Tokwerato ndi mkulu wako. Pamene palibe kanthupo ndi manda. Namwino amene anakuyeza tsiku lobwererako anakalipira amayi ako. "Mai Filesi, mwana mukumudyetsa mphepo? Zaka zitatu ngati wa ziwiri!" Anatsegula tsamba la katemera, anaona mabokosi onse odzaza, nati, "Koma apa pokha mwakhoza." Anatipatsa ufa wa phala. Sanakubaye. Akanakubayiranji? Pepala linkati zonse zinatheka.

Tsopano wamva chimene ndikufuna kunena. Khadi limene wanyamula kukaonetsa ngati umboni ndi la mwana wina. Iwe sunabayidwepo katemera wa ubwana ndi mmodzi yemwe. Wa chifuwa chachikulu ayi, wa poliyo ayi, wa chikuku ayi. Ndipo chikuku sunadwalepo, ndikanadziwa. Sabata yamawa ukalowa m'wodi ya ana odwala uli ndi thupi la khanda la pafamu lija.

Chachinayi ndi chakuti mpata wokonza unabwera, ndipo tinautseka. Uli ku pulayimale unabwera tsiku lina ukulira. Anzako ankaonetsana zipsera za katemera pamkono, iwe wekha unalibe, ndiye ankakunena kuti ndiwe chidhoma, kamzukwa, poti munthu weniweni amakhala ndi chidindo. Amayi ako anati khungu lina siligwira chipsera. N'zoona, liliko khungu lotero, koma lako silinayesedwe. Patapita zaka anamwino anabwera kusukulu kudzabaya ana onse wa chikuku, wakhadi ndi wopanda khadi yemwe. Ndinati upite. Amayi ako anati, "Akamuvula juzi aona mkono. Akaona mkono afunsa. Akafunsa, tiyankha kuti uyu ndani?" Ndikanatha kuumirira. Sindinaumirire. Unakhala kunyumba masiku atatu tikukuuza kuti uli ndi malungo, ukusewera fulaye kuseri kwa nyumba, ukudabwa kuti malungo ake ndi otani osapweteka. Bodza limafuna kudyetsedwa, Filesi. Ukaliyamba uli ndi chifukwa chabwino, pambuyo pake limadya ngakhale mwana amene unkamutetezayo. Kuntchito kwako ukadzapeza kuti unalakwitsa kuwerenga, ukadzanene tsiku lomwelo, manyazi akadali aang'ono.

Zaka zonsezi m'nyumba muno tinkakhala anayi, iwe unkaona atatu. Sindikunena za mizukwa, ndine munthu wa tchalitchi. Ndikunena kuti tsiku lililonse lokumbukira kubadwa kwako, lija la pa setifiketi, amayi ako ankaphika mpunga kenako n'kupita okha kukatola nkhuni kuseri kwa chimulu, kumene kulibe mtengo. Tsiku lako lenileni ndi la mwezi wa Okutobala, mvula yoyamba isanagwe, chaka chotsatira. Pa tsikulo ankakuluka tsitsi, ngakhale litalukidwa kale. Ukamaitanidwa kutsogolo kusukulu kukalandira mphoto ya masamu, dzina lonse likamveka pa chimkuzamawu, dzanja lawo linkazizira m'dzanja langa. Kwa boma, Filesi Mbewe anabadwira kuchipatala, anabayidwa zonse, anakula, anakhoza. Ndi mwana wosonyeza kuti zinthu zikuyenda. Mwana amene anafa ndi chibayo sanafe. Mwana amene sanabayidwe sanabadwe.

Dzulo ndinapita kumanda kuja. Msewu wake umadutsa pageti ya kampani. Udzu wamera pakati pa njanji, anyani akukhala padenga la ng'anjo, ndipo mphepo ikawomba malamba onyamula miyala aja amalira okha ngati shifiti ikuyamba. Anthu akuno timadzukabe nthawi ya huta ngakhale inasiya kulira kalekale. Umaona amuna ataima pamakomo, atavala, akuyang'ana kumene kulibe utsi. Kuseri kwa chimulu timitumbira tachuluka. Tina ndi takale ngati kathu, tina dothi lake likadali lofiira, ta zaka zino zimene chipatala chilibe mankhwala ndipo anamwino anapita ku Botswana. Palibe dzina ndi limodzi lomwe. Pali makapu, mabotolo a mkaka, nsapato imodzi. Ndinayamba kuwerenga, ndinasiya, chifukwa ndinaona kuti ndine munthu woyamba kuwerenga pamalopo ndipo ndilibe kokapereka. Kapu yathu ikadalipo. Inali ndi madzi, ngakhale mvula sinagwe chiyambire Epulo. Mwina Mai Chipo. Sindinawafunse.

Ndiye ukamakawerenga m'mawodi, uzikumbukira kuti wodi ndi chimphika chimodzi. Ofika kuwodi ndi amene anali ndi ndalama yokwerera kombi, ndi chitupa, ndi nkhope yosachita manyazi. Dziko lililonse lili ndi kuseri kwa chimulu kwake. Ku Malawi sindikudziwa kuti kuli kuti, ndinachokako ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, koma kuliko: m'maesiteti a tiyi, m'midzi ya m'malire, kwa anthu amene amaopa ofesi. Ukafunse adzukulu. Ukafunse azamba. Ukafunse mayi woima pampanda. Unandiuza kuti kunja kuli katemera woteteza ana ku mitundu ina ya chibayo, ndipo maiko ngati athu akuyeza ngati n'koyenera kumugula. Sindikudziwa ngati akanamupulumutsa mkulu wako. Sindikuuza kuti ukanene kuti agule. Mwina pali nthenda ina imene ikupha ambiri, ndipo ndiyo iyenera kuyamba, zimenezo mukaona inu ndi masamu anu. Ndikungoti poyezapo pasakhale ana osowa chifukwa atate awo anachita manyazi.

Chomaliza ndi cha mvula yapitayi, kolera itatenga amayi ako. Unali pomwepo, ukuwamwetsa madzi a mchere ndi shuga ndi supuni. Tsiku lomaliza masana anatsegula maso, anakuyang'ana iwe, nati, "Lusiya. Lusiya, wadya?" Unatembenukira kwa ine. "Baba, vari kudaidza ani? Akuitana ndani?" Ndinati akuitana agogo ako, amayi anga, amene analidi Lusiya. Unati, "Ayamba kuona akufa," ndipo unalira. Sankaona akufa. Zaka makumi awiri ndi zisanu anakhala akuitana wakufa tsiku ndi tsiku, pokutuma madzi, pokudzutsa kusukulu. Tsiku limenelo lokha anaitana wamoyo. Ndi dzina limene anakupatsa pafamu paja, ndipo ankakunong'oneza pokusambitsa mpaka unayamba kulankhula, n'kusiya poopa kuti ungalitchule panja. Anakufunsa ngati wadya, ndipo iwe sunayankhe chifukwa ine ndinanama. Anadikira yankho. Ndinawaona akudikira. Chimenechi sindipempha kuti undikhululukire msanga.

Za dzina ndi mapepala, uchita mmene waonera. Masetifiketi onse a sukulu ndi ako, unawakhetsera thukuta ndiwe, mkulu wako sanawerengepo ndi chilembo chimodzi chomwe. Sindikuuza kuti ukadzipereke kuofesi iliyonse. Zimenezo zingadikire, uganize uli phee, ufunse anthu odziwa malamulo. Koma thupi silidikira. Chikuku chayambanso kumveka kuno, ndipo matenda sayang'ana chipata. Ukafika ku Blantyre, usanapite kukaona chipinda chogona, usanafunefune abale anga a ku Thyolo, upite kuchipatala. Khadilo usawaonetse. Uwauze kuti, "Sindinabayidwepo, ndiyambitseni." Akaseka, asiye aseke. Akafunsa chifukwa, unene kuti bambo ako anali munthu wamantha. Ufunse kuti papite masiku angati usanalowe m'wodi ya ana, ndipo masikuwo uwadikire onse, ngakhale akulu a ntchito atakwiya, ngakhale utaoneka waulesi sabata yoyamba. Kumbukira supuni yanga. Usalowe m'wodi ndi kachitsulo ka chimphika china.

M'chikwama chako ndaikamo juzi ya amayi ako yobiriwira, akuti ku Blantyre kumazizira mwezi wa Juni. Mbatata zophika zili m'thumba la pambali, udye usanafike ku Nyamapanda zisanasase. Pa mlatho wa ku Tete usatulutse mutu pawindo. Uzipemphera, koma usamapemphere m'malo mofunsa mafunso.

Ndikuona kombi yaima pakona, ndipo watsika ndi thumba la Mai Chipo pamutu. Ukuseka ndi kondakitala. Mawa pa siteji ndidzakutsanzika ndi dzina la pa pasipoti, chifukwa anthu adzakhala akumva. Ukabayidwa, undilembere mzere umodzi wokha wondiuza kuti zatheka. Ndikaulandira ndidzatenga penti yotsala ija ndi kupita kuseri kwa chimulu, ndikalembe dzina pa chibuma chakuda chija, mwini wake alitenge. Ndakhala ndikuopa kulemba dzina la mwana wamoyo pamanda, mwanayo ali wosatetezedwa.

Wafika pageti. Ndipinda.

Lusiya, mwana wanga, wadya?

Ndine bambo ako.